Zikomo Wanga Sanali Eya

Ndikhala pansi, mundikhululukire. Kale ndikamayankhula pagulu ndinkaima, maiki ili m'manja, suti ili pathupi, koma mwendo wamanjawu unasiya kumvera zimenezo. Ndisanayambe, ndipemphe chinthu chimodzi kwa nonse, odwala ndi magadiyani omwe. Mukaona ndaima pakati pa nkhani, musandimalizire mawu. Dikirani. Mawuwo akubwera, kungoti masiku ano nawonso amayendera ndodo ngati mwini wakeyu. Munthu wondimalizira mawu amandikwiyitsa kuposa wondiseka, ndipo mukamva nkhaniyi mudziwa chifukwa chake.

Dzina langa ndine Venansiyo, koma mukafunsa dzina limenelo pa Golomoti palibe angakulozereni. Funsani a Zikomo. Ndinali emusi, woyendetsa mwambo pa maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira ku Mtakataka, kudutsa pa Mua, mpaka kuno ku Bwanje. Pakamwa ndiye panali pamunda panga. Nthawi ya perekaniperekani ikakwana, ndinkazungulira bwalo lonse: zikomo akuchimuna, zikomo akuchikazi, zikomo amene mwaponya, zikomo inunso amene mukufufuzabe m'thumba chifikireni. Anthu ankaseka n'kumaponya. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo ndinkalinyadira.

Tsono emusi sauma kukhosi. Eni ukwati amadziwa zimenezo. Poyamba linali botolo limodzi kuseri kwa tenti, loti mawu atsetsereke. Kenako awiri, lina loyambira, lina lotsekera. Kenako mowa wam'mabotolo unayamba kundichedwetsa, ndinalowa ku kachasu. Lolemba linasanduka Loweruka, Lachitatu nalonso Loweruka. Suti ija inayamba kugona m'ngalande ine ndili m'kati mwake. Pa ukwati wina ndinaitana mkwatibwi ndi dzina la chibwenzi chakale cha mkwati, pamaiki, azibusa ali pomwepo. Anthu anayamba kuitana anyamata ena, ine n'kumati n'kaduka.

Kuchipatala anandiuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, n'kundipatsa mapilitsi. Anzanga akumowa anati mapilitsi ndi kachasu siziyendera limodzi, n'zoopsa. Ndinawamvera. Ndinasiya mapilitsi. Onani nzeru zake zimenezo! Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti nthawi imeneyo, pamene ndinkasankha zopusa zokhazokha, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakayikira mutu wanga. Pakamwa pankayenda, ndiye aliyense ankati bamboyu akudziwa chimene akuchita.

Akazi anga ndi aNankhoma, akhala kumbuyo uko, amene akuyang'ana pansiwo. Ine ndine mkamwini pamudzi pawo, kufupi ndi minda ya mpunga. Kwathu n'kumtunda, kumapiri a Dedza, kumene amalima kachewere. ANankhoma ndi amene ankalima, ndi amene ankaphunzitsa mwana wathu Tereza, ndi amene ankachapa suti yam'ngalande ija. Anandiuzapo, anandiliriranso, anaitanapo ankhoswe. Ine ndinkangoti zikomo ndamva, mawa lake ndili komweko.

Sitiroko inandipeza pa chinkhoswe, masana dzuwa lili pamutu. Maiki inangopulumuka m'manja. Ndinkati ndiitole, dzanja silikupita. Ndinagwa, anthu n'kuseka kuti a Zikomo ayamba msanga lero. Anandinyamula kukandigoneka pansi pa mtengo kuti mowa uthe, mwambo n'kumapitirira. Sindiwadzudzula kwenikweni, ndinali nditawazoloweza ndekha.

Nditatsitsimuka kuchipatala, mbali yonse yamanja inali ya eni ake. Koma zimenezo n'zochepa. Namwino anandifunsa dzina, ine m'mutu ndikulidziwa bwinobwino, Venansiyo. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka "zikomo". Anandifunsa kumene kukupweteka, "zikomo". Mawu onse amene ndinkadyera, nthabwala zonse, mayina a anthu, ngakhale kutukwana kumene, zonse zinapita. Anatsala ndi mawu amodzi okhawo amene ndinawanena kwambiri pamoyo wanga.

Abale anga, mwa mawu onse a Chichewa, bwenzi atatsala ena. Bwenzi atatsala "madzi", kapena "mbuzi", anthu akanadziwa kuti pakamwa pawonongeka. Koma zikomo amalowa paliponse. Munthu akakupatsa chinthu, zikomo. Ukamadutsa pa anthu, zikomo. Ukafika pakhomo pa eni ake, zikomo. Akakuitana akuluakulu, zikomo. Akakudzudzula iwe n'kuvomera, zikomo. Ngakhale pokana chakudya timati zikomo. Ndiye aliyense amene ankandifunsa kanthu ankamva yankho limene ankalifuna, n'kumapita akusangalala kuti bamboyu ngakhale akudwala ulemu sunachoke.

Titabwerera kunyumba zinayamba. Tikupatseni phala lina? Zikomo. Ine nditakhuta, phala likubwera. Tikutulutseni padzuwa? Zikomo. Dzuwa la ku Golomoti mukulidziwa. Achibale ena anabwera ndi maganizo oti matendawa si achipatala, tipite nawo kwa sing'anga, mukuvomera? Zikomo. Anakanditema mphini mbali yonseyi, onani zipsera zake. M'kati ndikukuwa kuti ndisiyeni, kunja kukutuluka ulemu.

Mufunsa kuti bwanji osapukusa mutu. Ndinkapukusa. Koma mutu nawo unali utasokonezeka njira, pena ndikati ndipukuse unkagwedezera, ndipo ngakhale ndipukuse bwino ankati n'kunjenjemera kwa matenda. Ndikamenya mphasa ndi dzanja lamanzereli ankati mowa unawathera mutu. Ndikalira ankati akusowa kwawo. Kulemba ndinayesa, zilembo zinkatuluka ngati mapazi a nkhuku. Komanso ndinene zoona, sikuti zonse ndinkamva. Anthu akamayankhula ambiri nthawi imodzi, kapena masana kukatentha, kapena munthu akatalikitsa nkhani, zinkangondidutsa. Koma m'mawa, munthu mmodzi akamayankhula pang'onopang'ono, ndinkamva chilichonse. Palibe amene anaganiza zosiyanitsa. Ankakambirana za ine ndili pomwepo, ngati akukambirana za thumba la chimanga loti alisunge kuti.

Tsopano ndifike pansi penipeni, poti sindinabwere kudzadziyeretsa. ANankhoma akapita kumunda, anzanga akumowa aja ankabwera kudzandizonda. Ankabwera ndi kabotolo kamadzi, koma m'kati simunali madzi. Tikuthireni pang'ono, akulu? Zikomo. Ameneyo yekha ndiye anali zikomo weniweni. Ndinkatsegula pakamwa ndekha, kachasu n'kumatayikira mbali yakufayi, kutsika m'khosi mpaka pamalaya. Munthu wosatha kupita kuchimbudzi yekha, wosambitsidwa ndi mkazi wake, koma akumwa. ANankhoma ankabwera atatopa, matope mpaka m'mawondo, n'kumva fungo. Ankangonditembenuza n'kuchotsa zofunda zonyowa.

Nkhani inafika kumtunda kuti Venansiyo akutha. Achemwali anga aakulu, a Felista, anatsika. Ndi munthu wachikondi koma sadikira yankho, akafunsa funso amakhala atayankha kale. Atandiona ndawonda, ndikununkha mowa, anaganiza kuti mlamu wawo wanditaya. Mchimwene wa akazi anga, alamu anga a Gasteni, nawonso anali atatopa nane kalekale, ndipo sindingawanene. Ankaona mlongo wawo akutha thupi chifukwa cha mkamwini woledzera. Ndiye kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, akuchimuna ndi akuchikazi anagwirizana chinthu chimodzi, chakuti ndibwerere kwathu akandisunge abale anga. Inu mukudziwa tanthauzo lake mkamwini wodwala akanyamulidwa kubwerera kwawo. Sanena kuti banja latha, koma palibe amene amayembekeza kuti adzabweranso.

Ankhoswe anakhala pakhonde masana, ine atandiyedzamitsa kukhoma. Anayankhula nthawi yaitali, onse pamodzi, ine ndikungotolako apa ndi apo. Kenako wina anati si bwino kugamula mwini wake asanafunsidwe. Mumtima ndinati lero andifunsa. A Felista anagwada patsogolo panga.

"Achimwene, mlamu wangayu sakukusamalani, eti?"

"Zikomo."

"Tikutengeni tizipita kwathu?"

"Zikomo."

Nthawi imeneyo aNankhoma anali akutuluka m'nyumba ndi beseni la madzi oti andipukute. Anaima. Anaika beseni pansi bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe, n'kubwerera m'nyumba. Ndinamenya mphasa, ndinalira, ndinakoka chitenje cha achemwali. A Felista anati onani mmene akufunira kwawo, mpaka misozi. Ankhoswe anawomba m'manja kuti nkhani yatha mwaulemu, mwini wake wavomera pamaso pa onse.

Kuyambira tsiku limenelo aNankhoma ankandisambitsa, ankandidyetsa, koma osandiyang'ana kumaso. Anachapa suti ija, anaisita, n'kuiika m'chikwama pamodzi ndi nsapato zanga. Chikwamacho chinakhala pafupi ndi chitseko pamene ndinkachiona tsiku lonse. Ndinali ndisanakwiyepo chotero. Ndinkakwiyira achemwali, alamu, ankhoswe, koma makamaka pakamwa pangapa, pamene panandidyetsa zaka zonse n'kudzandigulitsa pa tsiku limodzi.

Chinandipulumutsa n'chakuti a Felista ndi munthu wadongosolo. Anati tisananyamuke tipite kuchipatala akatilembere kalata, kuti mapilitsi ndizikalandira kumtunda. Tinapita atatu, ine, iwo ndi aNankhoma. Adokotala asanalembe anatitumiza kuchipinda cha mafizo, kumene amalimbitsa ziwalo, kuti akaone mmene mwendo ulili. Kumeneko tinapeza mayi wina wamfupi, wosathamanga poyankhula. A Felista anafotokoza zonse, ulendo, tsiku, galimoto. Mayi uja anamvetsera, kenako anafunsa ngati eni akewo avomera. A Felista anati anavomera pamaso pa ankhoswe, ndipo kuti atsimikize anandifunsanso pomwepo. Ine, monga mwa nthawi zonse, zikomo.

Mayi uja anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane, maso ake pa ine, osati pa gadiyani. Chiyambireni kudwala, anali munthu woyamba kutero.

"Bambo, kodi inu ndinu mzimayi?"

"Zikomo."

"Nyanja ili pamwamba pa phiri?"

"Zikomo."

A Felista anaseka mwachisoni n'kunena kuti mwaona nokha, mutu unapita, n'chifukwa chake tikuwaganizira ndife.

"Ayi, mayi," anatero wa mafizo uja. "Chimene ndaona n'chakuti zikomo wawoyu si eya. Za mutu sindinadziwebe. Sitinawafunse."

Anawapempha onse awiri kuti atuluke. A Felista anadandaula kuti atsala ndi ndani wowayankhira, iye anati n'chimene akufunacho. Mayi uja anatuluka panja pang'ono, n'kubwera ndi tsamba la mango ndi mwala. Anaziika patebulo patsogolo pa dzanja langa lamanzere. Anati tsamba ndi eya, mwala ndi ayi, pakamwa papume. Anabwereza, n'kundionetsa ndi dzanja lake.

Anayamba ndi zimene ankazidziwa kale. Dzina lanu ndi Yohane? Ndinagwira mwala. Ndi Venansiyo? Tsamba. Kunja kukugwa mvula? Mwala. Pena anafulumira, ine n'kulakwitsa. Sananene kuti basi zakanika. Anadikira, anandipatsa madzi, n'kufunsanso mwachidule. Anasinthanitsa malo a tsamba ndi mwala kuti aone ngati dzanja likungopita mbali imodzi. Ndinatsata tsamba kumene linapita. Thukuta linali kamukamu ngati ndikulima, koma mumtima ndinkamva ngati munthu amene watsekeredwa m'nyumba ndiye wamva kiyi akulowa pachitseko.

Kenako anapita kumene magadiyani amaphikira, n'kubwera ndi zinthu ziwiri, kachewere mmodzi ndi mpunga wodzaza dzanja. Anati kachewere ndi kwa achemwali anu kumtunda, mpunga ndi kwa akazi anu kuno. Dzanja langa linali litanyamuka kale, koma analigwira. Anati musathamange, ndiyambe ndakuuzani zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

Anandiuza pang'onopang'ono, chinthu chimodzi nthawi imodzi. Kumtunda kuli ana a achemwali amene amakhala pakhomo tsiku lonse. Chipatala chachikulu chili pafupi. Kuno akazi anu amapita kumunda m'mamawa, mumatsala nokha, mukagwa palibe wokudzutsani. Atatha anayamba kundifunsa kuti aone ngati zalowa. Kumene kuli anthu ambiri okusamalani n'kuti? Ndinagwira kachewere. Kumene chipatala chachikulu chili pafupi? Kachewere. Kumene mungagwe muli nokha? Mpunga. Anandiyang'ana, ananunkhiza pang'ono, poti malaya anali atandiulula kale, n'kufunsa kuti nanga kumene kuli anzanu obwera ndi kabotolo n'kuti. Manyazi anandigwira, koma ndinaloza mpunga.

"Chabwino. Zonsezo mukuzidziwa. Nanga inuyo mukufuna kukhala kuti?"

Ndinafumbata mpunga uja mwamphamvu mpaka unandilasa m'manja.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ayi ndithu. Mayi uja anati tibwerenso tsiku lina m'mawa, andifunsenso, chifukwa nkhani yaikulu chonchi safunsa kamodzi. A Felista anakwiya, anati galimoto anapangana nayo kale, ndipo kuyambira liti munthu wamkulu n'kumafunsidwa ndi masamba ngati kwa sing'anga. Inenso ndinakwiya, ndinkafuna zithe lomwelo. Tinabwerera kunyumba. Chikwama chinakhalabe pachitseko.

Tsiku lobwereza linafika, alamu a Gasteni nawo anabwera. Mayi uja anandifunsanso ndili ndekha, mafunso atawatembenuza, kachewere kumanja, mpunga kumanzere. Yankho linali lomwelo. Ndiye anawaitana onse, n'kundifunsa pamaso pawo, iwo akuona dzanja. A Felista anati koma kumtunda n'kumene angasamalike bwino, aliyense akuona.

"Mwina mukunena zoona," anatero mayi uja. "Iwonso akudziwa, anandilozera okha. Koma munthu akasankha zimene inu simukanasankha, sikuti wapenga."

Kenako anafunsa kuti pakhonde paja anandifunsa kuti chiyani kwenikweni. Atamva, anapukusa mutu. Anati funso loti "sakukusamalani, eti" ngakhale munthu wabwinobwino limamukola, chifukwa eya ndi ayi onse akhoza kutanthauza chimodzi. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa molunjika kuti, akazi anu amakusamalani? Ndinamenya tsamba lija mpaka linang'ambika.

Ndinayang'ana aNankhoma, ndikuyembekeza kuti alira, andigwira dzanja, tizipita kunyumba. Iwo nkhope ili gwa. Mayi uja anati bambowa asankha, koma nyumbayo ndi yanu, msana umene ukuwanyamula ndi wanu, inunso muli ndi mawu. Apa m'pamene ndinazizidwa. Masiku onsewa ndinkalirira kuti andifunse ine, sindinaganizepo kuti iwonso palibe anawafunsa.

"Mukuti zikomo wawo si eya," anatero aNankhoma, mawu ali pansipansi. "Nanga anzawo akabwera ndi kachasu n'kuwafunsa, amati zikomo, ndipo amamwa. Ine ndikanadziwa bwanji kuti wa pakhonde uja ndi wina?"

Atatero anamasula mfundo ya pachitenje chawo, n'kutulutsa chitsekero cha botolo chimene anachipeza pansi pa mphasa yanga. Anachotsa kachewere patebulo n'kumupereka kwa a Felista. Pamalo pake anaika chitsekero chija, pafupi ndi mpunga.

"Funso langa ndi ili. Asankhe apa."

Mayi uja sanawaletse. Anangondifotokozera mwachidule kuti ndikapitiriza kumwa, sitiroko ina ikhoza kubwera, ndipo imeneyo mwina sindidzadzuka. Anandifunsa ndi tsamba ngati ndamva, ndinagwira tsamba. Anauzanso aNankhoma kuti ndikasankha botolo, iye sadzalemba kuti mutu wanga sukuyenda, kudzakhala kusankha kwanga ndithu, ndipo iwonso adzasankha zawo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti dzanja linathamangira mpunga. Likanakhala bodza. Linaima m'malere. Khosi linakumbuka, ndipo kachasu anali chinthu chokhacho chimene chinkandiiwalitsa kuti ndagona pamphasa yonyowa. Onse anaona kuti laima. Alamu a Gasteni anatsonya. Kenako ndinalitsitsa pa mpunga, ndipo pakamwa, posafuna kutsalira, panati zikomo.

"Pakamwapo khalani chete," anatero aNankhoma. "Ndikuyang'ana dzanja."

Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Titafika kunyumba anatulutsa suti m'chikwama n'kuipachika pamsomali pake.

Tsopano magadiyani, mverani, poti zimene zinatsatira si zozizwitsa, ndi ntchito. Tsamba ndi mwala zinakhala pambali pa mphasa yanga, tsamba likauma ankathyola lina. Nkhani zikuluzikulu ankandifunsa m'mawa nditadya, munthu mmodzi, wailesi itazimitsidwa. Funso lalifupi, lopanda "eti" kumapeto, chifukwa "eti" si funso, ndi kukankha. Akafunsa ankadikira, ngakhale nthawi italike bwanji. Mawa lake ankafunsanso mwa njira ina. Phala lokakamiza linatha. Kwa sing'anga sindinapitenso, mwala unakana.

Musamve ngati ndikuti wodwala amatha zonse. Mayi wa mafizo uja anandiyesanso pa mapilitsi, kuti am'mawa ndi ati, amadzulo ndi ati. Ndinasokoneza, tsiku linanso ndinasokoneza. Anati pa chimenechi mutu sunabwerere, ndiye mapilitsi azisunga aNankhoma, tidzayesanso m'tsogolo. Zinandiwawa, koma zinali zoona. Chimene anakana n'chakuti kulephera mapilitsi kukhale chifukwa chondilanda zina zonse. Kusadziwa pilitsi loyera ndi lofiira n'kwina, kudziwa mkazi amene ukufuna kukhala naye n'kwinanso. Inu mukangoona munthu walephera chimodzi mumamulanda zonse, mpaka mtundu wa malaya oti avale.

Anzanga a kabotolo anabweranso. Tikuthireni, akulu? Pakamwa panati zikomo, dzanja linanyamula mwala. Mmodzi anaseka n'kuyamba kutsegula, ndiye mwala uja ndinamugenda nawo. Dzanja lamanzere silidziwa kulunjika, unakamenya nkhuku, koma uthenga unafika. Tinagwirizananso, ine nditagwira tsamba, kuti aNankhoma akapita kumunda azindisiya kwa anansi athu osoka zovala, ndizikhala pakhonde pawo pamene pali maso a anthu.

Mawu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndi mafizo a pakamwa, kutchula zinthu za m'nyumba ngati mwana. Loyamba kubwerera linali "toto". Ndinalinena tsiku lonse, kwa aliyense, ngakhale pa zinthu zimene ndinkazifuna, kungofuna kumva kukoma kwake. Nditayamba kuyenda ndi ndodo ndinati ndizipita ndekha kumsika wa Golomoti. A Felista atamva anatumiza uthenga kuti misala yayambiranso, adzagundidwa ndi minibasi. ANankhoma anandifunsa ngati ndikudziwa kuti msewu uja magalimoto amathamanga, ndipo ndikagwa sindingadzuke msanga. Ndinati ndikudziwa. Anati pitani. Ndinagwadi kamodzi pafupi ndi ogulitsa tomato, ndinadzuka ndi manyazi, koma kugwa kumeneko kunali kwanga.

Ndinagwanso kugwa kwina, ndisabise. Pa ukwati wa mwana wa mnzanga anandipatsa kapu kuseri kwa tenti, ine n'kulandira. Sindinganamizire pakamwa, nthawi imeneyo "toto" ndinali naye. Nditafika kunyumba aNankhoma anamva fungo, sanakalipe. M'mawa mwake anapita kumsika, anagula kachewere mmodzi, mmodzi yekha, n'kumuika pawindo pafupi ndi pamene ndimagona. Anakhala pamenepo mpaka anamera. Chiyambire pamenepo sindinalawenso, ndipo ku maukwati ndimachoka perekaniperekani asanathe.

A Felista sanapepese ndi pakamwa, si mtundu wawo. Koma tsiku lina atabwera kudzandiona anayamba kuti, achimwene mukufuna tiyi, eti? Anadzigwira pakamwa okha, n'kufunsanso bwino, n'kudikira. Kwa munthu ngati iwo kudikira kumeneko n'kupepesa kokwanira. Ndipo sindiiwala kuti onse amene anatsala pang'ono kundithetsera banja ankandikonda. Palibe ankandifunira zoipa. Ankangofulumira.

Ndikuona ena mwabwera ndi odwala anu pano. Kuyambira pamene ndinakhala pampandowu ndaona kale gadiyani wina akufunsidwa kuti bambowa akupeza bwanji, iye n'kuyankha, bambowo ali pomwepo maso ali mwaa. Zimenezo zimandinyansa, ndinene poyera. Mitengo ya mango ili panjapo, miyala ndiye yosasowa. Ngati wanuyo dzanja silikuyenda, ali ndi maso, ali ndi phazi, funsani a mafizo akuthandizeni kupeza njira yake. Mwina mudzapeza kuti pa chinthu china sakumvadi, ndiye mudzamuganizire mokomera iyeyo, osati mokomera kutopa kwanu. Koma muyambe mwafunsa. Ndipo inu odwala anzanga amene kabotolo kakubwerabe mobisa, musadzinamize kuti palibe akudziwa. Amene amachapa zofunda zanu akudziwa.

Maiki sindinaigwirenso, ndipo sindikuganiza kuti ndidzaigwira. Suti ilipo pamsomali. Koma vuto limodzi latsala pakhomo pathu. Mawu aja ndinawawononga. Mpaka lero aNankhoma akandipatsa madzi osamba kapena akandimangira nsapato ya kumanjayi, ine n'kunena kuti zikomo, iwo amandiyang'ana n'kufunsa kuti, wa tsamba kapena wa mwala? Poyamba ndinkayesa nthabwala. Kenako ndinazindikira kuti tsiku la beseni lija silinawachoke, ndipo zikomo amene ndinkawapatsa zaka zonse ndisanadwale, uja wa "ndamva, ndisintha", nayenso anali wa mwala.

Ndiye pobwera kuno ndinathyola ili panjira, ndaliika m'thumba la malaya. Dikirani, dzanja limachedwa. Musandithandize.

ANankhoma, dzutsani nkhope, anthu akuona. Nali tsamba. Zikomo.